Nsomba Yaiwisi Pambali pa Apongozi

Kwa miyezi isanu ndi theka ndinkadya chiimirire kukhitchini, nkhope itayang'ana kukhoma, m'nyumba yanga yomwe. Palibe anandilamula. Kwathu ku Dedza mkamwini sadya apongozi ake akuona, ndipo mwambo umenewu unali wopepuka pamene ife tinkakhala ku Lilongwe, iwo ali kumudzi. Unayamba kulemera atakwera ndege kudzatipeza kunja kuno, ku Hull, m'kanyumba ka zipinda ziwiri pamwamba pa shopu yometera tsitsi, momwe ukatsokomola kubafa wa pabalaza amati pepani.

Apongoziwo, amayi a mkazi wanga, anabwera kudzatilerera mwana wathu woyamba, wamkazi, pamene mayi ake ankabwerera kuntchito. Mkazi wanga amagwira kunyumba yosamalirako okalamba, maola khumi ndi awiri pa shifiti. Ine ndimayenda khomo ndi khomo pa basi, kudzutsa okalamba, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala. Aliyense wa ife ali ndi viza yakeyake, ndipo viza iliyonse inamangiriridwa ku kampani yake ngati mbuzi pachikhomo. Ukafuna kuchepetsa maola, chingwe chimakukumbutsa kuti chilipo.

Apongozi anga ndi mphunzitsi wopuma, anaphunzitsa Sitandade 5 zaka zambiri, ndipo mpaka lero akayang'ana munthu amamva ngati sanalembe homuweki. Ine sankandiyang'ana, chimenechonso chinali chisomo. Tinkalankhulana kudzera mwa mwana. Ndikafika ndinkamva pabalaza akuti, “Iwe, uwauze bambo ako kuti madzi atentha.” Ine ndili pakhomo ndikuvula nsapato ndinkayankha kuti, “Uwauze agogo kuti ndathokoza.” Mthenga wathuyo nthawi imeneyo anali akuyamwa chala chake cha kuphazi.

Viza ya alendo ndi ya miyezi isanu ndi umodzi. Kutatsala masabata atatu kuti abwerere, mkazi wanga anandiitanira kuchipinda, natseka chitseko, nandiuza kuti iye ndi amayi ake agwirizana zoti mwana apite nawo ku Malawi. Akakhale zaka ziwiri kapena zitatu, mpaka zathu zitalongosoka. Ndinakwiya kwambiri, koma khoma la nyumba ija ndi lopyapyala, choncho ndinakwiya monong'ona. Kukwiya monong'ona kumatopetsa kuposa kulima.

“Mwagwirizana?” ndinatero. “Ndiye ine m'nyumba muno ndine tambala wobwereka basi?”

Kuti gogo awoloke malire ndi mdzukulu pamafunika kalata yosainidwa ndi makolo onse awiri. Mkazi wanga anailemba, nasaina mbali yake, naiika pamwamba pa filiji. Ine ndinkaiona m'mawa uliwonse potenga mkaka, ndipo sindinkaikhudza. Mumtima ndinali nditalumbira kuti mwana wanga sapita kulikonse. Masiku anadutsa, masutikesi anayamba kudzaza, kalata ili pomwepo.

Lachitatu la sabata yomaliza, ndege ili Lamulungu, mkazi wanga anatulutsa kakhadi m'dirowa. Anzake a kuntchito anamupatsa mwana atabadwa, kuti tikadye awiri pamalo ena a chakudya cha ku Japan chapafupi ndi kwathu. Tinali tisanapezepo tsiku loti tonse tili pa ofu.

“Ndabukitsa mawa, half five,” anatero. “Anthu awiri. Inu ndi amayi.”

“Ine ndikadye ndi amayi anu? Mutu ukuyenda bwino?”

“Ukuyenda bwino kwambiri. Ine ndatopa kukhala foni yanu. M'mawa mundituma inu, madzulo andituma amayi. I'm done. Mukalankhulane nokha, ine nditsala ndi mwana.”

Ndinayembekezera kuti apongozi akana, nkhani n'kuthera pomwepo. Lachinayi ndinabwerako msanga kuntchito n'kuwapeza atavala kale, duku lawo la kutchalitchi kumutu, chikwama pamiyendo. M'basi iwo anakhala pansi kutsogolo, ine ndinakwera pamwamba. Njira yonse ndinkadzitonthoza kuti ndikafika ndipempha matebulo awiri otalikirana, aliyense adye zake, tibwerere.

Malowo ndinali nditawadutsa kambirimbiri popita kwa nkhalamba ina yomwe ndimaisambitsa mumsewu womwewo. Ali pakati pa shopu yochapira zovala ndi ya njinga, pakhomo pali kansalu kolendewera, ndipo ndinkaganiza kuti ndi shopu yomwe inatsekedwa. Titalowa tinayamba kudutsa mbali ya vinyo, mabotolo ataunjikidwa mpaka kudenga. Apongozi, omwe amatsogolera amayi kutchalitchi kwawo, anakokera chikwama pachifuwa n'kudutsa maso ali pansi. Mtsikana wotilandira anatitsogolera kuseri, ndipo matebulo anga awiri aja kunalibe. Kunali thabwa limodzi lalitali, mipando isanu ndi itatu m'mbali mwake, wophika ataimirira kutsidya ndi mipeni yake. Anthu asanu ndi mmodzi anali atakhala kale. Mipando iwiri yotsala inali yapakatikati, yogundana, khoma lili kumbuyo, moti kuti munthu utuluke unayenera kudzutsa anthu atatu.

Tinakhala. Chigongono changa ndinachipanikiza kunthiti kuti chisakhudze chawo.

Mtsikana uja anatifotokozera kuti pamenepo palibe pepala losankhira chakudya. Kadyedwe kameneka amakatcha omakase, kutanthauza kuti zonse wamusiyira wophika. Iye ndiye amasankha chomwe udye, ndi nthawi yoti udye, tizidutswa khumi ndi tinayi, kamodzikamodzi, anthu onse kuyambira limodzi n'kumalizira limodzi. Zitenga maola awiri. Ndinaseka chamumtima mowawidwa. Sabata yonse ofesi imandilembera koti ndipite ndi ola loti ndifike, ndiye tsiku limodzi loti ndidye ngati bwana, rota yake alembenso wina. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Anatifunsa za vinyo. Ine pakhosi panali pouma ndithu, koma ndinaitanitsa tiyi wa anthu awiri. Anabwera wobiriwira, wopanda shuga, wopanda mkaka. Apongozi analawa, nayang'ana m'kapu nthawi yaitali. Popeza mwana panalibe, anauza kapuyo.

“Awa ndi madzi otsukira chisoso.”

Wophika anali bambo wachikulire wa imvi, wosalankhulalankhula. Anatapa mpunga pang'ono, naumbira m'dzanja, naikapo kachidutswa ka nsomba yoyera, napakapo msuzi wakuda ndi kaburashi. Aliyense anamuikira kake pakambale kathabwa kutsogolo kwake. Mtsikana anati tidye ndi manja, kamodzi n'kamodzi, osaluma pakati. Anthu asanu ndi mmodzi aja anatola, natafuna, natsinzina ngati akupemphera. Ife awiri tinangokhala.

Sindikanayamba ine, apongozi ali pambali panga. Iwonso sakanatsegula pakamwa mkamwini ali pomwepo. Ndinayang'ana mabotolo, iwo anayang'ana kapu. Wophika anadikira, manja ali kumbuyo, kenaka anawerama pang'ono.

“Please. Now. The rice is warm.”

Tinagwedeza mitu tonse awiri mwaulemu, osasuntha. Anthu a m'mbali anayamba kutiba ndi maso. Patapita kamphindi bambo uja anatambasula dzanja, natenga tizidutswa tathu tonse tiwiri, natiponya m'kabeseni ka pansi, nayamba kuumba tina. Sanakwiye. Koma ndinamva apongozi akukoka mpweya ngati wina wawaponda chala. Mayi amene amakomba mpoto wa phala ndi chala kuti pasatayike kanthu anali atatayitsa chakudya pamaso pa mwini wake.

Tachiwiri titaikidwa, apongozi anatembenuza phewa kulozetsa kumanzere, nalandira ndi manja awiri, naphimba pakamwa ndi chikhatho. Ine ndinatembenukira kumanja, n'kupezeka ndayang'anizana ndi mzungu wandevu amene anaganiza kuti ndikufuna macheza. Ndinaponya kanthuko mkamwa. Nsomba inali yozizira, yoterera, mpunga wofunda ndi wowawasa pang'ono, ndipo pansi pake panabisala tsabola wina wobiriwira amene sawotcha lilime koma amathamangira m'mphuno. Misozi inalengeza. Wandevu uja anandimwetulira, kuganiza kuti kukoma kwandigwira mtima.

Kumbuyo kwanga ndinamva mawu otsika, akupita kwa kapu.

“Yaiwisi. Chonsecho moto ali nawo, ndauona apo.”

Tinadya choncho, chofulatirana, kachitatu ndi kachinayi. Khosi linayamba kundiwawa. Ndinawerenga kuti kwatsala khumi, ndipo ndinalakalaka foni italira kuti nkhalamba ina yagwa, andifuna msanga. Sindinyadira maganizo amenewo, koma ndinawaganiza. Mawu amene ndinawakonza m'mabasi kwa masabata atatu anali asanatulukebe, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka pamalopo osawanena, sindidzawanenanso.

Kachisanu kanali kanthu kena kotuwa, konyezimira, kokhala ndi kamchira. Nditameza kanga, ndinamva kambale kakukhwekhwereza pathabwa. Nditayang'ana pansi ndinaona chala cha apongozi chikukankhira kambale kawo kumbali yanga, pang'onopang'ono, nkhope yawo ili kwina. Chikwatirire, palibe chinthu chinachokapo m'dzanja lawo kubwera kwa ine osadutsa mwa munthu wina. Ndinatola, ndinadya. Wophika anaona zonse. Kuyambira pamenepo kachidutswa kalikonse ka apongozi ankayamba wakawaula ndi kamoto kake ka gasi mpaka mafuta kuchita thovu, osafunsa, osayang'ana aliyense.

Atadya koyamba kowauka, apongozi anakhala tsonga, nayang'ana kutsogolo kwa wophika. Nanenso ndinawongoka. Apa m'pamene ndinazindikira kuti thabwa lija linali lotikomera. Tinali pafupi moti n'kumvana monong'ona, koma palibe amene ankaona nkhope ya mnzake. Tonse tinkayang'ana mpeni.

“Bambo,” anatero, ndipo ulendo uno sanauze kapu. “Kalata ija ndimaisuntha tsiku lililonse popukuta fumbi. Lankhulani, ndikumva.”

Ndinayamba mokakamira, kenaka zinatuluka zokha. Ndinati mwanayu ndi woyamba, ndinamunyamula asanakwanitse ola limodzi. Ndinati akangopita, adzayamba kuyenda ine kulibe, adzayamba kulankhula ine kulibe, ndipo tsiku lodzakumana adzabisala kumbuyo kwa chitenje chawo n'kumafunsa kuti ankolo awa ndi ndani. Ndinati ndimasambitsa makolo a anthu ena tsiku lonse, ndipo chimene chimandipiriritsa ndi choti madzulo ndikasambitsa wanga. Pomaliza ndinanena chimene chinkandiwawa koposa, kuti nkhani yaikulu chonchi anaimanga awiri, ine n'kungouzidwa ngati mlendo.

Kachisanu ndi chiwiri kanabwera. Tinadya, osatembenukanso.

“Pamenepo tinalakwa,” anatero. “Ndavomera. Tinachita zakwathu, zoti mwana ndi wa kuchikazi, kuiwala kuti kuno mwanayu alibe malume, ali ndi inu. Koma musaganize kuti ndinabwera kudzalanda. Ine ndalera asanu ndi mmodzi anga, ndalera a eni ake m'kalasi mpaka mawu kutha. Mawondo awa mumawamva ndikamakwera masitepe anu aja. Matewera sindiwo ndinkawalota popuma ntchito.”

Ndinali nditakonzekera kulimbana ndi munthu wouma mtima, ndipo uyu sindinadziwe pomugwira.

“Mukati ayi, ndi ayi,” anapitiriza. “Ndikwera ndekha Lamulungu, ndipo mwana wanga ndimuuza ndine kuti mwakana, asakuvuteni. Kungoti mundithandize chinthu chimodzi, ndipite ndi mtima wokhazikika. Lolemba m'mawa mdzukulu wangayu akhala ndi ndani?”

Funso limeneli ndinali nditalithawa masabata atatu, ngakhale kuti mwakachetechete ndinayesa kuliyankha. Ndinapita ku ofesi kukapempha kuti ndizigwira madzulo okha, anandionetsa pepala lomwe ndinasaina, la maola omwe viza yanga imaimirapo. Ndinafunsa kosungira ana, amatsegula hafu seveni n'kutseka sikisi madzulo, pomwe ine basi yoyamba ndimakwera sikisi isanakwane. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anati akanakonda kuthandiza, koma ali ndi ake atatu ndipo masana ndiye amagona, pochokera kuntchito. Zonsezi sindinauze mkazi wanga. Ndinkangoti Mulungu aona.

“Tiona mmene tichitire, amayi,” ndinatero.

Ngati kuti inamva, foni inanjenjemera m'thumba. Rota ya sabata yotsatira imafika Lachinayi madzulo, ndipo apongozi, atakhala nafe miyezi yonseyo, ankaidziwa nthawi yake kuposa ine.

“Ndi imeneyo. Werengani.”

Anatero ndi mawu a Sitandade 5, ndipo ndinawerenga ngati mwana woimirira kutsogolo kwa bolodi. Lolemba kuyamba kota tu seveni, makomo asanu ndi anayi, lomaliza naini koloko usiku. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ofu. Lachinayi, Lachisanu, Loweruka, m'mawa ndi madzulo. Iwo anatchula za mwana wawo pamtima: Lolemba, Lachiwiri, Lachisanu, Loweruka, eyiti mpaka eyiti. Ndinaona pansi pa thabwa zala zawo zikupindika chimodzichimodzi. Zinapindika zinayi, masiku omwe tonse awiri tidzakhale kuntchito. Anazisiya choncho pamiyendo.

Akanandinyoza bwenzi zili bwino. Akanati mwaona, bwenzi nditapeza pokwiyira. Koma anangokhala, wophika akupitiriza kutiikira tizidutswa take, ine n'kumatola n'kumameza osamva kukoma kulikonse. Wandevu uja anali pa tambula yachitatu ya vinyo, akufunsa wophika dzina la nsomba iliyonse. Ndinayang'ana kuchitseko. Panali anthu atatu pakati pa ine ndi njira, ndipo ngakhale akanandipatukira, kunja kunalibe yankho lina.

“Ine sindisankha,” apongozi anatero. “Bambo ake ndinu. Musankhe.”

Masabata atatu ndinkalira kuti sanandifunse. Tsopano anandifunsa, ndipo ndinalakalaka akanangomutenga mwanayo mondibera, kuti ndizikhala ndi wina womuda. Walira mvula walira matope.

Komaliza kanali kadzira kokazinga, kokhuthala, kotsekemera ngati keke. Apongozi anadya, nati, “Ichi ndiye chakudya. Akanayamba ndi chimenechi.” Ponyamuka anaomba m'manja mofatsa katatu, maondo atapinda pang'ono, kuthokoza wophika. Iye anawerama. Iwo anapindanso maondo, iye anaweramanso, ndipo zikanapitirira mtsikana uja akanapanda kubwera ndi majasi athu.

Pobwerera sindinakwere pamwamba. Ndinakhala mpando wa kumbuyo kwawo, ndikuyang'ana mfundo ya duku. Kunja kunali kukadali kowala.

Tinapeza mwana atangosamba, akununkhira mafuta, akukwawira kuchitseko atamva makiyi. Ndinamunyamula ndisanavule jasi. Mkazi wanga anayang'ana ine, nayang'ana amayi ake, osafunsa. Ndinapita kukhitchini mwana ali m'manja, ndinatsitsa kalata ija. Ndinayesa kusaina nditaitsamiritsa pachitseko cha filiji, koma cholembera chinakana kulemba choimirira. Ndinachita kupita nayo patebulo la pabalaza, pamaso pa onse, n'kukhala pansi. Mwana ankalimbirana nane cholemberacho, ndiye siginecha yanga pa kalata imeneyo ndi yokhota.

Lamulungu tinakwera sitima kupita ku bwalo la ndege ku Manchester. Mwana anagona pachifuwa panga njira yonse. Pamalo pomwe operekeza amalekezera, apongozi anayala chitenje, ine ndinamuika kumsana kwawo ndi manja anga, mkazi wanga n'kumanga. Sanadzuke. Ndinathokoza Mulungu kuti sanadzuke, kenaka m'sitima pobwerera ndinadandaula kuti bwanji sindinamudzutse.

Tsopano papita miyezi isanu ndi iwiri. Timaimba foni ya vidiyo Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, netiweki ikalola. Mwana anayamba kuyenda, ndinaona pa foni, chithunzi chikuima n'kumayambiranso. Apongozi anabwerera ku mwambo wawo, amalankhula nane kudzera mwa mwana: “Iwe, uwauze bambo ako kuti wamera mano ena awiri.” Iye amandiyang'ana kwakanthawi, kenaka amagwira foni n'kuitembenuza, kufunafuna ngati ndili kuseri kwake.

Pamalo a nsomba paja ndimadutsapobe kawiri pa sabata, popita kwa nkhalamba ija. Sindinalowemonso. Kunyumba tsopano ndili ndi ufulu wonse, nditha kudya pabalaza miyendo ili patebulo, palibe wondiona. Koma ndikafika ndimatenthetsa chakudya n'kudyera kukhitchini komweko, chiimirire. Patebulo pali kampando kake kakatali kaja, ndipo ine ndi mkazi wanga sitinagwirizanebe kuti akachotse ndani.